Handulo ya Njati ndi vaneti ya apongozi anga

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzapeze kope ili m'sutikesi ine nditagona: wolemba ndine Yotamu Phiri wa kwa Mlolo, uja Chadiza yonse imamutcha aHandulo. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, chotero mukaona chilembo chapendama musaseke, dzanja ili linazolowera sipanala osati bolopeni. Za ubwana sindilemba, mbuzi ndinaweta monga anawetera aliyense. Ndilemba za ntchito yanga, ndiponso za mlandu wa magalimoto akale umene ndinagamula ine pamaso pa khamu, kuti mawa wina asadzakunamizeni kuti anagamula ndi aphunzitsi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960

Ntchito yoyamba ndinaipeza ndevu zitangoyamba kumera, pa lole ya mmwenye wina wa ku Chipata imene inkabwera kudzatenga mtedza kuno kwathu. Ndinali lole boyi. Malo anga anali pamwamba pa matumba, dzuwa langa, mvula yanga. Lole ikafika pachitunda ndinkalumpha ndi chipika kukachinga tayala kuti isabwerere m'mbuyo, ikamva ludzu ndinkathamangira kumtsinje ndi chigubu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkailiza ndi handulo. Kwa inu a masiku ano amene mumaliza galimoto ndi chala chimodzi, handulo ndi chitsulo chopindika chimene umalowetsa pabowo la kutsogolo, pabampala, mpaka chikagwire mano a injini. Ukapukusa ndi mphamvu yako, injini imadzuka. Dalaivala anali aJere, Mngoni wamfupi waukali, wa chala chachikulu chopindika ngati mbedza. Tsiku loyamba nditagwira handulo anandimenya ndi chipewa.

"Iwe kaPhiri, ukugwira ngati khasu la amako? Taona chala changa ichi. Ukuyesa ndinabadwa nacho chotere?"

"Iyayi, bambo."

"Chala chachikulu chigone pamodzi ndi zinzake, usakumbatire chitsulo. Ndipo usakankhire pansi, uzikokera m'mwamba. Zungulitsa pang'onopang'ono kufikira umve kuti yalimba, pamenepo ndiye koka kamodzi ngati mwamuna. Injini ikakwiya imabweza ngati bulu. Ikakupeza waikumbatira, ukadyera kumanzere chaka chonse."

Ndinakhala nawo zaka zinayi. Kutukwana ankatukwana, koma ndiwo ananditsegula makutu. Lole ina ikamadutsa kuseri kwa phiri ankandifunsa kuti ndi ya mtundu wanji ndipo ikudwala chiyani, ndikaphonya chipewa chija chinkandipeza. Mawu awo anali akuti galimoto siinama, amanama ndi mwini wake. Mawu amenewa muwasunge, mukumana nawonso kutsogoloku. Laisensi ndinatenga paulendo woyamba, mafunso onse ndinayankha ndi pakamwa osaphonya ndi limodzi lomwe.

Zaka za m'ma 1970 ndi 1980

Ndinalembedwa ntchito paboma ngati dalaivala wa alangizi a ziweto. Anandipatsa landirova yaifupi yobiriwira ya denga la tenti, ndipo nditamva mmene ikupumira pokwera chitunda ndinati, iyi ndi Njati. Dzina linakhala. Ananditumiza ku Pembamoyo, kumene ndinakhala madzinja atatu m'nyumba ya udzu pafupi ndi dibi la ng'ombe, ndipo n'kumeneko ndinakwatira amayi anu aNabanda. Kenaka Zemba, kenaka paboma. Misewu yake inali yoti mvula ikagwa mabasi ankathera panjira, koma Njati sinagonepo m'matope ngakhale tsiku limodzi. Ndikunena ine!

Kenaka zinafika zaka zosowa. Inu simuzidziwa. Sopo kusowa, mafuta ophikira kusowa, shuga pamzere, nanga zitsulo za galimoto? Kuseri kwa ofesi magalimoto anakhala pamiyala ndiii, matayala atachotsedwa kukapulumutsa anzake. Ine Njati sindinalole kuti ikwere pamiyala. Chubu chikaphulika ndinkapakira udzu m'tayala mpaka lilimbe. Lamba wa fani ataduka ndinaluka wina ndi chikopa cha ng'ombe. M'mabuleki ndinathiramo madzi a sopo ulendo wina, tinafika. Bwana wathu nthawi imeneyo anali aMwanza, munthu wophunzira kwambiri, wa magalasi, amene sankachita kanthu asanatsegule buku. Sanali woipa ayi, koma buku linamuchulukira.

Chaka china ng'ombe zinayamba kufa ku Zemba ngati ntchentche. Katemera anafika paboma m'bokosi la ayisi, ndipo anatiuza kuti ayisiyo akasungunuka mankhwala afa. M'mawa ndikuti ndilize Njati, batire zii, ngakhale kanyali ka padashi osayaka. Batire ina m'boma monse munalibe. Bwana Mwanza anangogwira m'chiuno.

"Phiri, basi, tilembe kalata ku Chipata atitumizire galimoto."

"Bwana, kalata yanu ikamafika, ku Zemba adzakhala akulima ndi manja. Ndipatseni ola limodzi."

Ndinapita pamsika, ndinayenda khomo ndi khomo kupempha mabatire a mawailesi ndi matochi. Ena anakana, ena anazimitsa nyimbo pakati nandipatsa. Ndinasankha asanu ndi atatu amoyo, ndinawandandalika m'nsungwi yoboola, waya uku waya uku, n'kulumikiza ku koilo, kachitsulo kotumiza moto ku mapulagi. Mudziwe ichi: sitata imadya moto wambiri, koma mapulagi amangofuna kamoto kochepa. Kutembenuza injini ndi ntchito ya phewa langa.

"Phiri, zimenezi m'buku mulibe," anatero bwana.

"Buku likhale pampando wakutsogolo, bwana, ligwire bokosi la mankhwala."

Ndinakoka kamodzi. Njati inabangula mpaka amesenjala anatuluka m'maofesi! Tinafika ku Zemba ayisi akadali olimba, ndipo tsiku lonse sindinaizimitse injini, ndinkangothira mafuta ikulira. Anthu a kumeneko ndiwo anayamba kunditcha aHandulo. Mpaka lero ndikadutsa ku Zemba nkhalamba zinzanga zimaloza ng'ombe zawo n'kumati, agogo ake a izi anapulumuka ndi nsungwi yanu.

Zaka za m'ma 1990

Zinthu zitayamba kupezeka kunabwera magalimoto atsopano oyera, a magalasi okwera okha. Ndinachapa yunifomu yanga, ndinati woyamba kulandira kiyi ndine, nanga ndani wina? Bwana Mwanza anandiitana mu ofesi natseka chitseko.

"Phiri, mtima ukundipweteka. Amene atipatsa magalimotowa akufuna dalaivala wa satifiketi ya Fomu 2, wodziwa kulemba malipoti m'Chingerezi."

"Bwana, ku Zemba kuja munandifunsa satifiketi?"

"Ndikudziwa, Phiri. Koma pepala ndi pepala."

Makiyi analandira anyamata amene ndinawaphunzitsa ndine kusintha tayala. Ine ndinatsala ndi Njati, yotumidwa kukatenga nkhuni ndi simenti. Sindinalire, koma kuyambira tsiku limenelo munthu akandionetsa pepala ndimayamba ndayang'ana m'maso mwake. Magalimoto oyera aja awiri anagubuduzika chaka chisanathe. Sindikuseka, ndikungonena.

Nthawi yanga yopuma itakwana, Njati nayo anailemba pamndandanda wa zogulitsa ngati zitsulo zakutha. Anzanga opuma nawo anagula ng'ombe ndi ngolo, ena malata. Ine ndinafika kwa Mlolo ndikuimba hutala. Amayi anu anatuluka m'nyumba, anaizungulira kamodzi, nati, "Anzanu abweretsa ng'ombe zobereka, inu mwabweretsa dzimbiri lakumwa petulo." Sanandiyankhule masiku anayi. Koma dzimbiri lomwelo lanyamula chimanga, thonje, odwala, akwati ndi maliro a dera lino zaka zonsezi, ndipo inu nonse munapita kusekondale masutikesi anu ali kumbuyo kwake.

Chaka chatha

Aphunzitsi ena achinyamata ndi amakanika a paboma anaona pafoni mmene azungu amayesera liwiro la magalimoto kuchipululu, nati nafenso tichite. Anapempha bwalo lakale la kufupi ndi Zemba, pamene kale pankatera kandege kopopera thonje, analisalaza, nayesa kilomita imodzi. Si mpikisano wothamangitsana ayi. Galimoto imapita imodzi yokha, wina amagwetsa mbendera poyambira, wina amagwira wotchi pothera, yatenga nthawi yochepa ndiyo yapambana. Wapampando wa komiti yawo anali aTembo, ahedi a sukulu ina ya kumeneko. Ine nditamva ndinathira petulo n'kupita, chifukwa m'boma lino palibe chochitika cha magalimoto chimene chingachitike ine ndili m'munda.

Anatiika mulu umodzi tonse. Mnyamata wina wa ku Chipata anadutsa ndi kagalimoto kofiira kogwada pansi ngati mphenzi. Itafika nthawi yanga, Njati inachita zonse zimene ikanatha, koma ndikufika pothera ndinapeza wogwira wotchi atakhala pansi dala, akunamizira kuwodzera. Wina anakuwa kuti, "Agogo, mwanyamuka dzulo kapena dzana?" Bwalo lonse linagwa nako kuseka. Ndinali wotsiriza. Anzanga awiri okalamba amene anabwera ndi magalimoto awo ataona zimenezo anatembenuka osathamanga n'komwe.

Lolemba lake ndinali mu ofesi ya aTembo, chipewa chili kumutu.

"Aphunzitsi, magalimoto akale akhale ndi gulu lawolawo."

"AHandulo, wotchi siidziwa zaka. Ife tikufuna kudziwa galimoto yothamanga kuposa zonse, basi. Tikayamba kugawa magulu, mawa abwera a ngolo, mkuja a wilibala, aliyense ndi chikho chake. Chikho cholandira aliyense n'chikho chanji?"

"Pa tsiku la masewera pasukulu pano, kamwana ka Giredi 1 mumakathamangitsa ndi chimnyamata cha Giredi 7 cha ndevu?"

"Iyayi, zimenezo n'zina."

"N'zina bwanji? Wotchi yanuyo imadziwa zaka pasukulu pokha? Mukafuna liwiro lokhalokha, lembanitu dzina la mnyamata wa ku Chipata uja pachikho lero lomwe, chifukwa chaka chamawa adzapambananso ndi iye. Muone ngati anthu adzasiye kutongola chimanga kudzaonera chinthu chodziwika kale. Anthu aja anaseka Njati, inde, koma ndi galimoto iti imene anaizungulira n'kumaigwiragwira pambuyo pake? Kofiira kaja?"

Tinakangana mpaka belu la nkhomaliro. Pomaliza anavomera, koma monga munthu wa sukulu anaika lamulo lake: galimoto ilowe m'gulu la zakale ngati buku lake loyera, lija la kuboma, likuonetsa kuti yapitirira zaka makumi anayi. Pepala! Ndinamva kuyabwa, koma ndinati ndapambana kale, ndisachulutse.

Chaka chino, tisanafike pa tsiku

Ndinazungulira Mlolo, Pembamoyo ndi Zemba kufuna nkhalamba zosunga magalimoto akale pansi pa mitengo ya mango. Ambiri ankaopa kusekedwa. Aliyense ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti, mudzathamanga ndi zinzake zokhazokha, ndalumbira ine Yotamu. Asanu ndi mmodzi anavomera, ena anagulitsa nkhuku kuti apeze petulo ndi mapulagi. Mawu anga anali atapita, ndipo mawu anga m'boma lino sanagwepo pansi.

Tsono mverani pamene panavuta. Mlongo wanu wotsiriza Misozi anakwatiwa ndi aMbewe, makanika wa paboma, mnyamata wa manja abwino ndi waulemu. AMbewe anapeza vaneti yakale kwambiri nkhuku zikuikiramo mazira, anaikonza chaka chathunthu, naipaka utoto wabuluu mpaka kuwala ngati yatsika m'sitima dzulo. Nawonso analembetsa m'gulu la zakale, buku loyera aTembo analiona, zaka zinakwana. Tsiku lina ndili khale pakhonde, vanetiyo inadutsa pamsewu kupita kuchigayo. Sindinadzuke n'komwe. Khutu linandiuza kuti thupi ndi lakale, koma chimene chikulira m'katimo n'chatsopano, cha ku Japani. Galimoto yotero ikalowa pakati pa nkhalamba zanga, idzazisiya ngati zaima, ndipo kuseka kwa chaka chatha kudzabwerera, ulendo uno pa anthu amene ndinawaitana ndine.

Misozi anadziwa kuti ndamva. Anabwera Lachiwiri, nagwada patali.

"Atate, bambo ake a Dalitso vaneti ija aivutikira chaka chonse. Mukawayalutsa pagulu, ine m'nyumba muja ndikalowa ndi nkhope yanji? Ingokhalani chete ulendo uno wokha."

Amayi anu anathirapo ndemanga ali kusankha mtedza, osandiyang'ana. "Mkamwini salozedwa chala pabwalo. Munaziona kuti? Mukufuna mwana abwere ndi katundu pamutu chifukwa cha chikho cha malata?"

Ana anga, ndawolokapo mitsinje yodzaza, koma apa ndinaima. Ndikhale chete, ndanamiza nkhalamba zisanu ndi imodzi. Ndiyankhule, ndapasula banja la mwana wanga. M'mawa mwake ndinapita kugalaja kwawo. Monga mwa mwambo wathu sitinayang'anane. Ine ndinakhala patayala kuyang'ana kumsewu, iwo anakhala pachigubu chapatali kuyang'ana kukhoma.

"Apongozi," ndinatero, "vaneti yanu ikutsokomola Chijapani."

"Buku lake likuti ndi yakale, atate. Aphunzitsi aliona."

"Buku ndi buku. Ine sindidzatchula dzina la munthu. Koma Loweruka ndidzapempha kuti galimoto iliyonse yakale ilire ndi handulo. Ndati ndikuuzeni lero, musadzati apongozi ananditchera msampha."

Iwo ndi makanika, anamva. Injini zatsopano zilibe mano ogwira handulo, bowo la pabampala limangotsala ngati khomo la nyumba yogumuka. Kenaka anati, "Atate, ndiyankhule?"

"Yankhulani."

"Injini yake ndinaipeza itang'ambika pakati. Zitsulo zake ndinafunsa ku Chipata, ku Lilongwe, mpaka ku Tete, kulibe. Ndikanaisiya, bwenzi lero ili mbaula ndi mapoto pamsika. Kodi ndinalakwa kuidzutsa? Ndi zatsopano singalimbane nazo, thupi n'lolemera, mabuleki ndi akale. Ndi zakale mukuti ayi. Tsono ikathamangire kuti? Komanso mundikhululukire, atate. Chitseko cha kumanzere cha Njati chija, ndi mpando wa basi uja, inabadwa nazo?"

Ha! Chichokereni aJere munthu anali asanandiyankhepo chotero. Ndinadzuka osatsazika bwino. Masiku awiri ndinali kudimba, khasu m'manja koma mutu uli kugalaja. Za chitseko sizinandivute, chitseko sichithamanga, chothamanga ndi mtima, ndiye injini. Chimene chinandibaya ndi funso lija lakuti ikathamangire kuti. Mnyamatayo anachita zomwe ine ndinachita ndi chikopa ndi nsungwi: anakana kuti galimoto ife. Kenaka ndinakumbukira ntchito yanga. Zaka zonse zimene ndinkanyamula alangizi kupita ku zionetsero za ziweto, makola sankakhala awiri ayi. Linalipo la ng'ombe za kumudzi, la ng'ombe za chizungu, ndi lachitatu la zosakaniza magazi. Palibe ankati yosakaniza ndi yakuba. Inali ndi khola lake, basi. Lachisanu ndinapita kwa aTembo.

"Gulu lachitatu? AHandulo, ndinanena ine kuti mudzafika pa wilibala. Mphoto yake ichokera kuti?"

"M'khola mwanga. Ndipereka mbuzi."

Tsiku lake

Linali Loweruka la mwezi wa Seputembala, dzuwa lili phwee, anthu ochuluka kuposa chaka chatha, njinga zitatsamira mtengo uliwonse. Magalimoto akale asanu ndi atatu tinawaika pamzere. ATembo anafuna kundipatsa chimkuzamawu, ndinakana, mawu ndinabadwa nawo.

"Anthuni! Buku limanena za thupi, silinena za mtima. Lero galimoto yakale ilira ndi handulo, mwini wake apukuse yekha. Yolira ipite kumanja. Yokana ipite kumanzere, osati kunyumba ayi! Kumanzereko kuli gulu lake, gulu la mtima wobwereka, ndipo mphoto yake ndi mbuzi iyo yamangidwa apoyo!"

Sindinayang'ane munthu, sindinaloze chala. Koma Misozi anali pomwepo ndi mwana kumsana, nkhope ili pansi. Woyamba kutuluka pamzere anali aMbewe, osaitanidwa. Anasolola handulo ya vaneti kuseri kwa mpando, anailowetsa pabowo, naizungulitsa ndi chala chimodzi, iyo n'kumangoti pyerere osagwira kanthu. Kenaka anavula kapu nawerama ngati wovina wamaliza. Anthu anafa nako kuseka, koma kunali kuseka kokoma, ena mpaka kuwomba m'manja. Analiza ndi kiyi napita kumanzere okha.

Tsono chimene sindinkayembekeza ndi ichi. Mwa nkhalamba zanga zomwe zija, ziwiri zinayamba kukanda m'mutu. Mmodzi, mkulu wa mpingo wathu weniweni, anati handulo waiiwala kunyumba. Ndinati ndimubwerekere ya mnzake yofanana nayo, iye anati, "Asiyeni, aHandulo, phewa likundivuta," nakwera m'kalole kake kupita kumanzere, injini ya minibasi ikuimba m'kati. Winayo anamutsatira mwakachetechete. Pamene ndinkawayendera kwawo magalimoto awo anali chizimire, khutu langa silinapate mpata. Ndikanatsata buku, bwenzi nkhalamba zoona zitadyedwa ndi anthu atatu, osati mmodzi! ATembo anandiyang'ana, nagwedeza mutu, nalemba m'kope mwawo.

Anayi otsalawo anapukusa, ena kawiri ena kasanu, onse analira. Ndinatsala ine. Ndinalowetsa handulo pabowo. Ndinalavulira m'manja, chala chachikulu pamodzi ndi zinzake, ndinazungulitsa mpaka yalimba, ndinakoka. Chete. Ndinakokanso, phewa linalira ngati chitseko chakale. Chete. Thukuta linatsika m'maso. Lamulo ndaika ndine, ndipo mwa lamulo langa lomwe Njati inali kupita kumanzere, kapena kunyumba pachingwe. Ndinamva mnyamata wina akuyamba kale kuti, "Agogo..." Kachitatu ndinakoka ndi moyo wanga wonse. Chete.

Pamenepo ndinamva mawu a aMbewe. Anali ataima chapatali, atandifulatira monga mkamwini, akuyankhula ndi mkazi wawo koma mokweza pang'ono kuti mphepo indibweretsere.

"Amake Dalitso, kafunseni atate ngati kiyi anatembenuza."

Amayi ine! Zaka zoposa makumi asanu ndili ndi handulo m'manja, ndipo tsiku limeneli, ndi phuma la kulalikira, ndinaiwala kutsegula moto. Ndalemba ndi dzanja langa kuti musadzamve kwa adani. Misozi anathamanga, analowetsa dzanja pawindo, natembenuza kiyi. Ndinakoka kamodzi kokha. Njati inabangula ngati tsiku lija la nsungwi, utsi bii, amayi anayamba nthungululu, ndipo pakati pawo ndinamva mawu amene ndimawadziwa, a aNabanda, aja ankati dzimbiri.

Mbendera itagwa ndinaponda. Giya yoyamba, yachiwiri, tenti ikuwomba m'manja kumbuyo, chiwongolero chikunjenjemera ngati chagwidwa malungo, yachitatu, yachinayi, phazi mpaka pansi. Ndinkakuwa ndekha m'katimo kuti tiye mayi, tiye, akuone a ku Zemba! Fumbi limene ndinasiya linakafika kumidzi. Pothera wogwira wotchi sanakhale pansi ulendo uno, anali chiimire akudumpha. M'gulu la zakale zenizeni Njati inakhala yoyamba, wachiwiri ndinamusiya ndi masekondi atatu. Wotsiriza, mdala wa ku Pembamoyo, anamunyamula pamapewa ngati wapambana ndi iye, palibe anamuseka. Kofiira ka ku Chipata kanatenga chikho chake cha zatsopano, anthu anawomba m'manja pang'ono n'kubwerera kudzazungulira ife.

AMbewe anapambana gulu la mtima wobwereka, ndipo aTembo powerenga nthawi anapeza kuti vanetiyo yaposa ngakhale magalimoto ena atsopano. Mbuzi yanga inakwera vaneti yabuluu, Misozi ataigwira chingwe, akuseka mano onse panja. Amayi anu anati, "Tsono mbuzi mwangopatsa mwana wanu yemwe, mukanangomupatsa kunyumba." Ndinati, mayi, zinazi simungazimve. ATembo anabwera kudzandigwira dzanja nati chaka chamawa anthu a magalimoto a mtima wobwereka alembetsa kale asanu, ndipo lamulo la handulo alilemba m'buku la komiti. Ndinati lembani, buku likamatsatira handulo ndilibe nalo mlandu.

Chikho chili pamwamba pa kabati, mukuchiona. Tsono mverani, chifukwa ndi ichi ndagulira kope. Ndikadzagona, munda ndi mbuzi mudzagawane monga mwa mwambo, a kuchimuna ndi a kuchikazi musadzakangane. Koma Njati ndi handulo yake ndasiyira aMbewe, chifukwa mwa inu nonse ndi iwo okha amene galimoto ikafa amafunsa kuti ikathamangire kuti. Apongozi, mawu anga ndi amodzi: injini ya ku Japani musadzaikemo. Manda athu ali pafupi ndi msewu, ndipo khutu ili mukulidziwa.